Mwasiya kupita ku jinaziyo koma ndalama zikudulidwabe? Nayi njira yothetsera kontratu

Mu Januwale anthu amalembetsa ku jinaziyo, malo olimbitsirako thupi, ndi mtima wonse. Pofika Okutobala, dzuwa la mu mzinda wa Tete likamaswa mtengo mpaka kupitirira madigiri 40, nsapato zothamangira zimakhala zitakankhiridwa kunsi kwa bedi. Ena si ulesi ayi. Wina kontratu yake ya ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize yatha, wina amusamutsira ku Ulongue kapena ku Furancungo, wina bondo layamba kuvuta, wina wangoona kuti ndalama ija ikufunika pa sukulu ya ana. Onsewa amachita chinthu chimodzi: amangosiya kupita. Ndiye pakatha miyezi itatu amadabwa kuona uthenga wa kubanki ukunena kuti ndalama yatulukanso.

Kusiya kupita sikuthetsa pangano. Zinthu zimene zimakumangani n'ziwiri ndipo zili m'manja mwa anthu osiyana. Choyamba ndi kontratu imene munasaina ndi eni jinaziyo. Chachiwiri ndi chilolezo chimene munapereka kuti ndalama zizichotsedwa mu konta yanu mwezi ndi mwezi. Mukathetsa kontratu n'kuiwala chilolezo, banki ipitiriza kulipira chifukwa palibe wayiuza kuti ileke. Mukatseka kubanki osathetsa kontratu, ndalama zisiya kutuluka koma ngongole iyamba kukula, ndipo tsiku lina adzakufunsani. Pamafunika kumasula zonse ziwiri, kuyambira ku kontratu.

Ngati inu mumapita ku kajinaziyo ka m'bairro komwe mumalipira pamanja kapena kutumiza pa M-Pesa mwezi ukayamba, ndipo simunasaine pepala lililonse, nkhani yanu ndi yaifupi. Muuzeni mwini malo kuti mwezi wamawa simubwera, mutengeko lisiti la mwezi womaliza, basi. Malangizo otsatirawa ndi a iwo amene anasaina.

1. Yambani mwapeza khomo limene ndalama ikutulukira

Pitani ku banki yanu, kaya ndi Millennium bim, BCI, Standard Bank, Absa kapena Moza Banco, mukapemphe extracto, pepala loonetsa ndalama zonse zolowa ndi zotuluka mu konta, ya miyezi itatu yapitayi. Mukhozanso kuiona pa pulogalamu ya banki ya pafoni. Kapepala ka pa ATM kamangoonetsa mizere yochepa yomalizira, ndiye sikakwanira.

Pa extracto fufuzani ndalama yofanana imene ikutuluka pa tsiku lofanana mwezi uliwonse. Dzina limene lalembedwa pamenepo nthawi zambiri silikhala la pa chikwangwani cha pakhomo pa jinaziyo. Limakhala la kampani imene inalembetsedwa ku boma, lothera ndi Lda, kapena la hotela ngati jinaziyoyo ili mu hotela. Lembani dzinalo monga momwe lilili, tsiku, ndi kuchuluka kwa ndalama.

Kenako dziwani kuti ikutuluka mwa njira iti, pakuti njira iliyonse ili ndi katsekedwe kake.

Pali débito directo, pamene munasaina chilolezo choti kampaniyo izidzitengera yokha ndalama mu konta yanu. Pali transferência permanente, pamene inu munauza banki kuti izitumiza ndalama yakuti kwa akuti pa tsiku lakuti. Iyi ndiye yosavuta chifukwa lamulo ndi lanu ndipo mukhoza kulichotsa nokha. Pali kudula pa khadi, pamene munapereka manambala a khadi yanu ya Visa kapena Mastercard ndipo iwo anawasunga. Ndiye pali njira imene anthu amaiiwala kwambiri: kudula pa malipiro. Makampani ena amagwirizana ndi jinaziyo kuti antchito awo azilipira motsika, ndalamayo n'kumachotsedwa malipiro asanafike n'komwe mu konta. Ngati pa extracto simukuona kanthu koma malipiro akubwera operewera, onani pa recibo de salário, pepala la malipiro anu, mzere wa zochotsedwa.

2. Werengani kontratu, ngakhale ili m'Chipwitikizi cha maloya

Ambiri tinasaina titaimirira pa kauntala, nyimbo zikulira, mtsikana wolandira alendo akutilozera ndi chala poti tisaine. Kope mwina sanatipatse, kapena tinaipinda n'kuiponya m'chikwama. Ngati mulibe, kaipempheni. Ndi pangano lanu, lili ndi dzina lanu, ndipo palibe chifukwa chomveka chokukanizirani. Akanena kuti bwana kulibe, pemphani kuti mujambule masamba onse ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Zilembo zing'onozing'ono za kuseri kwa pepala n'zimene zimaluma.

Ngati Chipwitikizi cha m'mapepala chimakuvutani, musachite manyazi. Ambiri a ife ochokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga timachiyankhula bwino pamsika ndi kuntchito, koma cha m'makontratu n'china. Khalani pansi ndi mphunzitsi kapena mnzanu wa mu ofesi akuwerengereni mzere ndi mzere. Safunsa anadya phula.

Pali mfundo zinayi zofunika kuzipeza.

Yoyamba ndi nthawi imene munalonjeza kukhala osachoka. Pa pepala amalemba fidelização kapena período mínimo. Imakhala miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka. Apa mpamene pamagona msampha wa mtengo wotsika: amakuuzani kuti mukalipira mwezi umodzi umodzi ndi zakuti, koma mukalembetsa chaka chonse mtengo utsika. Mtengo umatsikadi, koma mwagula miyezi 12, osati umodzi.

Yachiwiri ndi aviso prévio, masiku amene muyenera kuwadziwitsa musanachoke. Kawirikawiri amalemba masiku 30, koma musangoganizira. Onani nambala yeniyeni, ndiponso ngati akuwerenga kuyambira tsiku lopereka kalata kapena kuyambira kumayambiriro a mwezi wotsatira.

Yachitatu ndi renovação automática. Mawu amenewa akutanthauza kuti nthawi ikatha inu osanena kanthu, pangano limadziyambiranso lokha, nthawi zina kwa chaka china chathunthu. Munthu amakhala phee kudikira kuti chaka chithe amasuke, osadziwa kuti kukhala chete kwakeko n'kumene kwamumanganso.

Yachinayi ndi chindapusa chochokera nthawi isanakwane, multa kapena penalização, pamodzi ndi zifukwa zimene amalola munthu kuchoka osalipira. Makontratu ambiri amatchula matenda ndi kusamuka. Ena amalola kuimitsa kaye kwa miyezi ingapo, ena amalola kupatsira munthu wina malo anu. Zikakhala kuti zalembedwa, ndi zanu, zigwiritseni ntchito.

Onaninso ngati kontratu ikunena njira yoperekera chidziwitso. Ikanena kuti por escrito, kutanthauza molemba, ndiye kuti kuuza mphunzitsi wa masewera pakamwa, kapena kumutumizira mawu pa WhatsApp, sikuwerengedwa.

3. Werengerani musanapite

Tinene kuti mumalipira mametikali 2,000 (2,000 MT) pa mwezi, munalonjeza chaka, ndipo kwatsala miyezi inayi. Mukangokhala, mutaya 8,000 MT. Ngati chindapusa chili chofanana ndi miyezi iwiri, kuchoka lero kukudyerani 4,000 MT, mwinanso kuwonjezerapo mwezi wa chidziwitso, zonse 6,000 MT. Kuchoka kuli bwinobe. Koma kukanakhala kuti kwatsala miyezi iwiri yokha, nzeru ndi kupereka kalata lero yonena kuti pangano lisadzayambirenso, n'kumapitabe kukanyamula zitsulo mpaka tsiku lomaliza, poti mwalipira kale.

Tsiku lopereka kalata nalonso lili ndi mtengo. Ngati amadula pa 5 mwezi uliwonse ndipo chidziwitso ndi masiku 30, kalata yoperekedwa pa 3 Malichi ikutanthauza kuti mulipira pa 5 Malichi basi. Mukaipereka pa 8 Malichi, masiku 30 akutha mu Epulo tsiku lodula litadutsa, ndiye mwalipira mwezi wina chifukwa cha kuchedwa kwa masiku asanu.

Sonkhanitsaninso umboni wa chifukwa chanu. Wodwala atenge atestado médico, kalata ya dokotala, ku chipatala, kaya ku Hospital Provincial de Tete kapena kwina kumene akulandira chithandizo, yokhala ndi chidindo. Wosamutsidwa ntchito atenge kalata ya kuntchito. Amene ntchito yamuthera atenge kope ya kalata yothetsa ntchito. Ngakhale kontratu isatchule za kutha kwa ntchito, pepala limeneli limathandiza pokambirana. Mwini jinaziyo wa ku Tete amadziwa bwino mmene ntchito za kumigodi zimayendera. Anaona anthu akudzaza mzinda pamene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011, anaonanso mmene zinthu zinagwedezekera mgodi utagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Ambiri amasankha kugwirizana nanu kusiyana n'kuthamangitsa munthu wopanda malipiro.

4. Lembani kalata, ndipo ikhale iwiri

Apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Kalata ilembedwe m'Chipwitikizi poti kontratu ili m'Chipwitikizi, ndipo ikadzafika kwa akuluakulu a boma adzaiwerenga m'chinenero chomwecho. Isakhale yaitali. Musafotokoze mbiri ya moyo wanu, musapepese, ndipo musapemphe chilolezo chochoka. Mukuwadziwitsa.

M'kalatamo mukhale zinthu izi: dzina lanu lonse monga lilili pa chitupa chanu cha BI, nambala ya BI, nambala ya umembala kapena ya kontratu, tsiku lolemba, ndi tsiku limene mukufuna kuti pangano lithe. Chiganizo chachikulu chikhoza kukhala chotere: "Venho por este meio rescindir o contrato n.º ..., com efeitos a partir de ..., e revogo a autorização de débito na minha conta." Tanthauzo lake n'loti mukuthetsa kontratu nambala yakuti kuyambira tsiku lakuti, ndipo mukuchotsa chilolezo chodula ndalama mu konta yanu. Mbali yachiwiri ya chiganizochi, yochotsa chilolezo chodula ndalama, musaisiye. Pomaliza pemphani kuti akuyankheni molemba. Ngati mwaphatikiza kalata ya dokotala kapena ya kuntchito, tchulani m'kalatamo kuti mwaphatikiza, ndipo perekani fotokope, yeniyeni musunge.

Sindikizani makope awiri, musaine onse. Imodzi muwasiyire. Pa inayo, wolandirayo alembe kuti walandira, aike tsiku, dzina lake lowerengeka, asaine, ndipo adinde chidindo cha kampani. Kuno kwathu pepala lopanda chidindo ndi pepala chabe. Kope yodindidwayo muijambule ndi foni musanatuluke n'komwe pakhomo, n'kudzitumizira pa imelo, chifukwa mapepala amanyowa ndipo mafoni amabedwa.

Kale munthu akanatumiza kalata yolembetsa ku positi. Boma linathetsa kampani ya Correios de Moçambique mu 2021, choncho njira yodalirika ndi kupereka pamanja. Amene mwasamuka kale, tinene muli ku Ulongue, ulendo wa makilomita opitirira 200 pa shapa chifukwa cha kalata imodzi ndi wowawa. Tumani m'bale amene ali mu mzinda, mum'patse kalata yosainidwa, fotokope ya BI yanu ndi kakalata komupatsa mphamvu yokuperekerani. Tsiku lomwelo tumizaninso kalatayo pa imelo ya kampani imene yalembedwa pa kontratu, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi ola. WhatsApp ikhale yowonjezera chabe, ndipo mukaigwiritsa ntchito tumizani ku nambala ya kampani, osati ya mnyamata amene amakuphunzitsani, n'kujambula uthengawo ukuonetsa kuti wawerengedwa.

5. Pa kauntala

Pitani m'mawa pakati pa sabata, nthawi imene woyang'anira amapezeka. Madzulo kumakhala anthu ambiri ndipo mudzauzidwa kuti mubwere mawa.

Mudzamva zinthu zingapo. Adzakuuzani kuti sisitemu yagwa. Yankhani mwaulemu: "Palibe vuto achemwali, sisitemu ikadzuka mudzalowetsa. Ine ndikungopempha kuti mundidindire kope yangayi kuti mwalandira." Kulandira kalata sikufuna kompyuta. Adzakuuzani kuti bwana yekha ndiye amasaina. Funsani kuti bwanayo amabwera nthawi yanji, ndipo pemphani kuti pakali pano wolandira alendo alembe dzina lake ndi tsiku. Adzakutsitsirani mtengo, kapena kukupatsani mwezi waulere. Ngati mukufunadi kukhala, landirani, koma funsani kaye ngati mtengo watsopanowo ukubwera ndi fidelização yatsopano, chifukwa nthawi zambiri umabwera nayo.

Musakalipire wantchito wa pa kauntala. Iye sanalembe kontratu, ndipo mwina anauzidwa kuti asalole munthu kuchoka mosavuta. Ndi yemweyonso amene ali ndi chidindo m'dirowa.

Akakanitsitsa kulandira, musalimbane. Lembani pa kope yanu tsiku, ola ndi mawu oti anakana kulandira, ndipo munthu amene mwapita naye asaine ngati mboni. N'chifukwa chake kuli bwino kupita awiri. Kenako pemphani livro de reclamações, buku la madandaulo, mulembemo zomwe zachitika. Kungotchula buku limeneli kumasintha nkhope za anthu.

Musanachoke, lipirani zimene mukuvomereza kuti ndi ngongole yanu, mulandire lisiti lolembedwa kuti ndi malipiro omaliza. Bwezani khadi yolowera ndi kiyi wa kabati ngati munali nazo, ndipo zilembedwe kuti mwabweza. Ngati munapereka caução, ndalama ya chikole, polembetsa, ino ndiyo nthawi yoifunsa. Ndalama yolembetsera, imene ena amaitcha jóia, nthawi zambiri sibwerera, ndiye musataye nayo mpweya.

6. Tsopano pitani kubanki

Tsiku lomwelo ngati n'kotheka, kope yodindidwa ili m'manja, pamodzi ndi BI.

Ngati ndi transferência permanente, uzani wa pa kauntala kuti aichotse, kapena ichotseni nokha pa pulogalamu ya pafoni. Ngati ndi débito directo, pemphani kuthetsa chilolezo cha kampani imeneyo, ndipo mutchule dzina lija munakopera pa extracto. Chilolezocho munapereka ndinu, mukhozanso kuchichotsa. Akupatseni pepala losonyeza kuti achita, lokhala ndi tsiku. Samalani chinthu chimodzi: ngati mwatsala ndi mwezi wa chidziwitso woti mulipire, lipirani pamanja kapena mutumize nokha, kuti asadzapeze ponamizira kuti ndinu amene munaswa pangano.

Za khadi n'zovutirapo. Banki siikhala ndi chilolezo cholembedwa choti ingofufuta, chifukwa manambala ali kwa wogulitsa. Funsani ngati angatseke malipiro opita kwa wogulitsa ameneyo. Ngati sangathe, njira yotsala ndi kutseka khadi n'kutenga ina, ndipo khadi yatsopano ili ndi mtengo wake umene walembedwa pa preçário, mndandanda wa mitengo ya banki. Kumbukiraninso kuti china chilichonse chimene mumalipira ndi khadi yakaleyo chidzaima.

Ngati ndi kudula pa malipiro, banki siikhudzidwa. Pitani ku Recursos Humanos, ofesi yoona za antchito kuntchito kwanu, ndi kope ya kalata, mulembe pempho loti asiye kudula, ndipo funsani tsiku limene amatseka mndandanda wa malipiro a mwezi umenewo. Mukachedwa ndi tsiku limodzi, mudikira mwezi wina.

Pali nzeru ina imene anthu amapatsana m'mashapa: ingochotsa ndalama zonse mu konta tsiku lodula lisanafike, akabwera apeza mulibe. Ine sindiilimbikitsa. Malipiro anu adzalowabe mu konta yomweyo, kampani ikhoza kuyesanso tsiku lina, ndipo malinga ndi mtundu wa konta, banki ikhoza kukulipiritsani chifukwa cha kulephera kwa malipirowo kapena kukulowetsani m'ngongole ya descoberto, ija banki imakulipirirani mu konta mulibe ndalama. Mwathawa ngongole ya jinaziyo n'kugwera ya banki, imene ili ndi chiwongoladzanja.

7. Yang'anirani miyezi iwiri

Yatsani mauthenga a SMS a banki ngati simunayatse. Tsiku lija ankadula likafika, onani konta. Mwezi wotsatira onaninso. Mapepala onse, kontratu, kalata yodindidwa, malisiti ndi pepala la kubanki, akhale mu envelopu imodzi kwa chaka chathunthu kapena kupitirira.

8. Akadulabe

Yambani ndi eni ake. Lembani kalata ina yaifupi, makope awiri monga kale, yonena tsiku limene munathetsa pangano, tsiku limene adula, ndalama yake, ndi tsiku limene mukufuna kuti ikhale itabwezedwa. Phatikizani fotokope ya kalata yoyamba ndi ya extracto. Nthawi zambiri zimathera pomwepa, chifukwa chimene chachitika n'choti munthu wina anaiwala kuchotsa dzina lanu pa mndandanda.

Sabata yomweyo kadandauleninso ku banki molemba, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo. Musachedwe, makamaka pa za khadi, chifukwa kutsutsa ndalama yodulidwa pa khadi kuli ndi nthawi yake, ikadutsa banki singachite kanthu. Ngati munachotsa chilolezo koma banki inalipirabe, mlandu uli ndi banki. Ikapanda kukuyankhani kapena ikakuyankhani zosamveka, pitani nazo ku Banco de Moçambique, imene imayang'anira mabanki onse pamodzi ndi makampani a ndalama za pafoni monga M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndiye nambala ija isatayike.

Ngati vuto ndi jinaziyo, khomo ndi bungwe la boma loyendera malo amalonda, limene anthu amalidziwa ndi dzina la INAE, Inspecção Nacional das Actividades Económicas, ndipo lili ndi ofesi m'chigawo. Lamulo loteteza ogula ndi Lei n.º 22/2009, ya pa 28 Seputembala 2009, ndipo malamulo oyendetsera ake anatuluka mu 2016. Lamuloli limapatsa wogula ufulu wouzidwa momveka bwino zimene akugula, ndipo silivomereza mfundo za m'kontratu zopondereza wogula. Choncho si chilichonse cholembedwa m'kontratu chimene chili chololedwa chifukwa choti munasaina. Chindapusa choposa ndalama zonse zotsala, kapena mfundo yoti iwo akhoza kukweza mtengo mmene afunira koma inu simungachoke, n'zoyenera kuzifunsa kwa wodziwa malamulo. Amene alibe ndalama ya loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwa osowa, limene limapezekanso m'maboma ang'onoang'ono.

Koma tinene zoona: ngati munasaina chaka mukudziwa, mtengo ndi womwewo, zitsulo zilipo, malo ndi otsegula, ndipo mwangotopa, palibe ofesi imene idzakufafanizireni ngongole. Pamenepo chotsala ndi kukambirana. Zimasiyana ngati iwo ndi amene asintha: atseka nthambi imene munkapita, asamukira kutsidya kwa Zambezi pamene inu muli ku Matundo kapena ku Chingodzi, afupikitsa maola, kapena makina ozizilitsa mpweya anafa kalekale osakonzedwa. Jambulani zimenezi, ndipo muzitchule m'kalata, chifukwa amene sakupereka zomwe analonjeza sangaumirire kuti inu mukwaniritse zanu zonse.

Ngati wina ayamba kukuimbirani foni kukuopsezani kuti akutengerani ku polisi, musanjenjemere. Ngongole ya kontratu yotere ndi nkhani ya khoti la milandu ya pakati pa anthu, si yomangitsa munthu. Muuzeni alembe zimene akufuna pa pepala.

9. Anankafumbwe a m'foni

Poti extracto ili kale m'manja, ipendeni yonse. Ndalama zing'onozing'ono zodulidwa mwezi ndi mwezi zimadya konta ngati anankafumbwe m'nkhokwe: kunja chimanga chimaoneka chilipo.

Mapulogalamu olimbitsa thupi a pafoni ndiwo amakola anthu ambiri. Amakupatsani masiku 7 aulere, koma amayamba atenga manambala a khadi, ndipo masikuwo akatha amadula, nthawi zina ndalama ya chaka chonse kamodzi. Kufufuta pulogalamuyo m'foni sikuletsa kudula. Pa foni ya Android tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pamwamba, lowani pa malipiro ndi ma subscrição, sankhani yomwe simukuifuna n'kuithetsa. Pa iPhone lowani pa Definições, dinani dzina lanu, mupeza mndandanda womwewo. Ndipo ya masiku aulere muithetse kusanatsale maola 24 kuti ithe. Ngati simukuiona pa mndandanda, mwina munalembetsa ndi imelo ina, kapena munalembetsa pa tsamba la kampaniyo mwachindunji, ndiye kothetsera ndi komweko. Netflix ndi Spotify mumathetsa polowa mu konta yanu, ndipo mumapitiriza kuonera kapena kumvera mpaka mwezi umene munalipira utatha. Zambiri mwa izi zimalipiridwa mu ndalama zakunja. Dola imodzi yakhala ikusinthidwa pa mametikali pafupifupi 64 kuyambira 2021, ndiye kanthu ka madola 10 ndi 640 MT, banki isanaikepo zake.

Palinso zodya kredito ya m'foni: nyimbo yoimba munthu akakuimbirani, masewera, mauthenga a mpira. Mumaika 50 MT, m'mawa mwake mwatsala 35 MT musanaimbe n'komwe. Imbani ku nambala yothandiza makasitomala ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, kapena pitani ku shopu yawo, muwauze akuwerengereni zonse zimene nambala yanu inalembetsedwa ndipo azichotse. Akapanda kuthandiza, woyang'anira makampani a mafoni ndi INCM. Chitaninso zomwezi pa foni ya amayi kapena agogo kumudzi. Iwo amangodandaula kuti kredito masiku ano sikhalitsa.

DStv, GOtv, ZAP ndi StarTimes nthawi zambiri zimayenda molipiriratu: mukapanda kulipira, chithunzi chimazima, ngongole palibe. Vuto limabwera pokhapokha ngati munauza banki kuti izilipira yokha, ndipo pamenepo mubwerere ku gawo 6. Intaneti ya m'nyumba yokokedwa ndi waya ndi ina: imakhala ndi kontratu, ndipo kabokosi kaja kawirikawiri ndi ka kampani. Mukamasamuka nyumba kabwezeni, akulembereni kuti mwabweza pamodzi ndi nambala yake ya kunsi.

Mukadzafuna kulembetsanso

Funsani mtengo wa mwezi umodzi wopanda fidelização, ngakhale ukhale wokwererapo, muyese kaye miyezi iwiri kapena itatu, makamaka ngati ntchito yanu ndi ya kontratu yaifupi kapena mumabwerera kumudzi nthawi yolima ndi yokolola mbatata. Lipirani nokha mwezi uliwonse pa M-Pesa kapena e-Mola ku nambala ya kampani, n'kusunga uthenga wotsimikizira. Akaumirira débito directo, apatseni konta ina yosalowa malipiro anu. Ndipo musanasaine, pemphani wa pa kauntala akulozereni ndi chala mzere wonena za kachokedwe, muuwerenge muli pompo, mutuluke ndi kope yanu yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri.